Mchenga Sulumidwa: Kusankha Matayala a Buggy ku Qatar

Lachisanu masana, pamene msewu wa phula umathera kummwera kwa tawuni ya Mesaieed, pamamveka phokoso limene aliyense wokulira ku Malawi anaphunzira kuliopa ali mwana: kulira kwa mpweya wothawa m'tayala. Kwathu limeneli ndi phokoso la tsoka. Wakabaza akalimva amatsitsa kasitomala n'kuyamba kukankha njinga, ndipo mu minibasi anthu amayamba kuyang'ana dzuwa, kuwerengera ngati akafike kusanade. Koma pa Sealine, m'mphepete mwa nyanja ya mchere ya dziko la Qatar, anthu amagwada pambali pa galimoto zawo n'kumaphwetsa matayala dala, limodzilimodzi, geji ili kumanja. Amene sanaphwetse ndiye amene anzake amamuyang'ana mwankhawa.

Kuchoka mumzinda wa Doha kukafika pa Sealine ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Ku Qatar masiku opuma ndi Lachisanu ndi Loweruka, ndipo kukayamba kuzizira, cha m'ma Novembala mpaka Epulo, boma limalola anthu kumanga misasa m'chipululu. Ma Land Cruiser ndi ma Nissan Patrol amandanda mumsewu, ambiri akukoka ngolo, ndipo pangolopo pamakhala kagalimoto kopanda magalasi, ka mipando yoyandikana, kozunguliridwa ndi mapaipi achitsulo. Opanga ake amakatchula kuti side-by-side kapena UTV. Pa Sealine aliyense amangoti buggy.

Tigalimototi tinayamba ngati abulu a pafamu. Kawasaki inatulutsa Mule mu 1988 yonyamulira zida ndi zakudya za ziweto, Yamaha inabwera ndi Rhino cha mu 2004, kenako Polaris ya ku Minnesota inatulutsa RZR mu 2007, ndipo kuyambira pamenepo nkhani inasanduka ya liwiro. Lero Can-Am Maverick X3, yopangidwa ndi kampani ya BRP ya ku Canada, imafika pa 200 horsepower pomwe kulemera kwake sikukwana ndi tani imodzi yomwe. Chinthu chopepuka chotere, champhamvu chotere, chimamvera tayala kuposa galimoto ina iliyonse imene timaidziwa kwathu.

Amene amagwada pamchengapo nthawi zambiri si eni galimoto ayi. Ndi antchito ochokera ku Nepal, Bangladesh, India, Sudan, Kenya ndi Uganda, ndipo masiku ano achinyamata athunso akuyang'ana kumaiko a Aluya kufuna ntchito za udalaivala ndi umakaniko. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, tsiku lina bwana adzakutumani ku Salwa Road kapena ku Industrial Area kuti mukagule matayala anayi a buggy ya ana ake. Mudzalowa m'shopu muli ndi nzeru zimene munazitola m'matope a kwanu: tayala labwino ndi la mano akuluakulu, lolimba, lopopa bwino. Nzeru zimenezi n'zoona ku Chikwawa mu Febuluwale. Pa Sealine zikhoza kukwirira galimoto mpaka m'mimba, kapena kuigubuduza muli anthu.

Dziko laling'ono, nthaka zitatu

Qatar ndi dziko laling'ono, longokulirapo pang'ono kuposa boma la Mzimba, ndipo mvula imene limalandira pachaka ndi mamilimita ongopitirira 70. Lilongwe imalandira kuchulukitsa kakhumi. Amene sanafikeko amaganiza kuti dziko lonse ndi mchenga, koma zitunda za mchenga zili makamaka kummwera chakummawa, kuyambira cha ku Mesaieed mpaka ku Khor Al Adaid, pafupifupi makilomita 80 kuchokera ku Doha, kumene nyanja imalowa m'chipululu ndipo tsidya linalo ndi Saudi Arabia. Malo amenewa anakhazikitsidwa kukhala otetezedwa mu 2007. Mbali yaikulu ya dziko lotsalalo ndi chigwa chosalala cha miyala ya laimu, yosweka, yakuthwa ngati mapale. Mukapita kumadzulo, ku Zekreet ndi ku Brouq, kumene mmisiri wa zaluso Richard Serra anaimika zitsulo zake zinayi zazitali mu 2014, mudzayenda mtunda wautali osaona chitunda cha mchenga ndi chimodzi chomwe.

Nthaka yachitatu ndi imene Aluya amati sabkha. Ndi chidikha cha mchere chimene pamwamba pake chimaoneka chouma, chosalala, chokopa phazi kuti liponde mafuta. Pansi pa kakhungu koumako pali matope a mchere opanda polekezera. Apa pokha ndi pamene nzeru za kwathu zimagwira ntchito mosasintha, chifukwa Mmalawi aliyense amadziwa dambo la mu Epulo limene limaoneka louma koma n'kumeza ngolo ndi ng'ombe zomwe. Palibe tayala logulidwa m'shopu limene lingakupulumutseni pa sabkha yonyowa. Oyenda bwino amatsata mapazi a galimoto zimene zadutsa kale, ndipo pafupi ndi nyanja amayamba afunsa nthawi imene madzi amakwera.

Choncho funso loyamba si la mtengo kapena dzina la kampani. Ndi lakuti: Bwana, buggy imeneyi mumayenda nayo kuti? Ndipo pamafunika yankho loona. Ambiri amayankha malo amene amalakalaka kupita, osati amene amapitadi.

Mpweya kaye, tayala pambuyo

Matope ndi mchenga zimasiyana pa chinthu chimodzi chachikulu. Pansi pa matope ambiri pali nthaka yolimba, ndipo ntchito ya mano a tayala ndi kukumba mpaka aipeze n'kuiluma. Pansi pa mchenga wa pachitunda pali mchenga winanso. Tayala lokumba limangodzikumbira dzenje, ndipo mukamaponda mafuta mwamphamvu ndi pamenenso limafulumira kutitimira. Pamchenga galimoto siyenera kuluma. Iyenera kuyandama.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Ralph Bagnold, msilikali wa ku Britain amene ankayendayenda m'chipululu cha Egypt ndi Libya pa galimoto wamba za Ford kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ndi m'ma 1930, anali mmodzi mwa oyamba kuonetsa kuti kuphwetsa matayala kumadutsitsa galimoto pamene aliyense ankati pangadutse ngamila yokha. Iyeyu ndi amene anayambitsa gulu la asilikali la Long Range Desert Group mu 1940, ndipo mu 1941 anatulutsa buku lofotokoza mmene mphepo imasunthira mchenga, limene akatswiri akuliwerengabe mpaka lero.

Masamu ake ndi osavuta. Tayala limafwamphuka mpaka malo amene lakhudza pansi akwanire kunyamula katundu wake. Tiyerekeze kuti gudumu limodzi lasenza makilogalamu 250. Mukalipopa mpweya wokwana 20 psi pageji, limaponda malo okwana masikweya sentimita pafupifupi 180. Mukalitsitsa kufika pa 8 psi, malowo amayandikira 450. Kulemera n'komweko, koma kwagawika, monga mmene munthu wovala patapata amayendera pamchenga wa ku Senga Bay pomwe mnzake wa nsapato za gogoda akuzama. Ndipo tayala likaphwa, phazi lake limakula kwambiri m'litali kusiyana ndi m'lifupi, n'chifukwa chake tayala lalitali limathandiza pamchenga kuposa longofutukuka m'mbali.

Madalaivala a ma Land Cruiser amatsitsa mpweya kufika cha pa 15 psi. Buggy, poti ndi yopepuka, imayenda pamchenga ndi mpweya wapakati pa 6 ndi 10 psi. Apa ndi pamene kachida kotchipa kwambiri kamakhala kofunika kuposa tayala lodula. Geji ya galimoto wamba, yowerenga mpaka 60 psi, siitha kusiyanitsa bwino 6 ndi 8, pomwe pa buggy kusiyana kumeneko kumamveka pachiwongolero. Gulani geji ya mpweya wochepa, yothera pa 15 kapena 30 psi. Yezaninso dzuwa likakwera. Tayala limene munaliika pa 8 psi m'mawa kukuzizira limapitirira 10 psi mpweya wa m'kati ukatentha kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 50, ndipo nthawi yomweyo ndi imene mchenga umakhala utauma n'kufewa. Malo amene munadutsa mosavuta 7 koloko akhoza kukukanani 1 koloko masana.

Kuphwetsa kuli ndi malire ake. Chimene chimagwiriza mlomo wa tayala ku limu ndi mpweya womwewo. Ukachepa kwambiri, inu n'kukhota mwamphamvu kapena kuyenda chopingasa pachitunda, mlomo umasiya limu, mpweya wonse umatuluka kamodzi, limu imazika mumchenga, ndipo galimoto imagwera mbali yomweyo. Mankhwala ake ndi malimu otchedwa beadlock, okhala ndi mkombero wachitsulo umene umapana mlomo wa tayala ndi mabawuti ambiri. Ine ndikanakhala ndi ndalama zogulira chinthu chimodzi chokha, matayala apamwamba kapena malimu amenewa, ndikanayamba ndi malimu. Koma mabawutiwo amamasuka, ndipo amafuna munthu wowayendera ndi sipanala asananyamuke ulendo uliwonse. Ntchito imeneyi imagwera wantchito yemwe uja, ndipo si yochita mothamanga.

Matayala a nkhafi

Kwa amene buggy yake siichoka m'zitunda, pali tayala lopangidwira mchenga wokhawokha. Azungu amati paddle, ndipo mwana wa ku Nkhotakota kapena ku Chembe akaliona sangafune womufotokozera: ndi nkhafi. Thupi lake n'losalala, lopyapyala, lopepuka, ndipo mopingasa muli timapiko ta mphira totalikirana. Kapiko kalikonse kamatunga mchenga n'kuuponya kumbuyo monga mmene nkhafi imakankhira madzi, ndipo galimoto imapita patsogolo ili pamwamba. Makampani ngati Skat-Trak ndi Sand Tires Unlimited a ku America anatchuka ndi matayala amenewa.

Matayala a nkhafi amaikidwa kumbuyo. Kutsogolo kumaikidwa osalala, kapena okhala ndi mzere umodzi kapena iwiri yotumphuka yozungulira tayala lonse, imene imagwira mchenga pokhota monga chiwongolero cha boti. Wogula wosadziwa amafuna nkhafi zochuluka ndi zazitali, poganiza kuti kuchuluka ndiko mphamvu. Koma msodzi amadziwa kuti nkhafi yaikulu imafuna mapewa aakulu. Injini yaing'ono ikapatsidwa nkhafi zambiri imalephera kuzizunguza, imabanika pokwera chitunda, ndipo lamba wake amatentha. Injini yaikulu ikapatsidwa nkhafi zochepa imangofumbula mchenga osapita patali. Wogulitsa wabwino amafunsa mtundu wa injini, kuchuluka kwa mipando ndi anthu amene amakweramo asanatsitse tayala pashelefu. Amene sanafunse zimenezi, tulukani mukaone shopu ina.

Pali tinthu tiwiri timene timaiwalika. Tayala la nkhafi lili ndi mbali yozungulirira, ndipo mitundu ina ili ndi la kumanja ndi la kumanzere. Mukalibwezera chagada limangoseseratu mchenga osatunga. Chachiwiri, pamalo olimba ndi lopanda ntchito. Limanjenjemeretsa galimoto yonse, mabuleki sagwira bwino, ndipo timapiko tija timadyeka kapena kuthyoka pa mtunda waufupi. Ngati msasa wa bwana uli patali ndi zitunda ndipo pakati pali miyala, nkhafizo zidzatha nyengo isanafike pakati.

Kumene miyala imalamula

Amene akufuna umboni wa zimene miyala ya Qatar imachita afunse ochita mipikisano. Bungwe la Qatar Motor and Motorcycle Federation lakhala likuchititsa mipikisano ya m'chipululu kwa zaka zambiri, kuphatikizapo Sealine Cross-Country Rally ndi Qatar International Baja, ndipo mipikisano imeneyi imadziwika ndi zinthu ziwiri: kusochera ndi kuphulika kwa matayala. Ino ndi nthaka imene inalera Nasser Al-Attiyah, amene anapambana Dakar Rally mu 2011, 2015, 2019, 2022 ndi 2023. Ku Dakar komweko mabuggy anapatsidwa gulu lawolawo mu 2017, ndipo woyamba kupambana anali Leandro Torres wa ku Brazil pa Polaris RZR. Mukayang'ana magudumu a anthu amenewa simupeza nkhafi. Iwo amadutsa mchenga, miyala ndi sabkha tsiku limodzi, choncho amavala tayala la ponseponse, la mano afupiafupi oyandikana, lolimba m'mbali, n'kumasintha mpweya malinga ndi njira.

Limeneli ndi tayala limene ndikuona kuti likuyenera eni mabuggy ambiri a ku Doha, ngakhale kuti si limene limakopa maso. Mitundu ngati Maxxis Bighorn, Maxxis Carnivore ndi BFGoodrich KM3 ili m'gulu limeneli, ndipo mabuggy ambiri amachoka kufakitale atavala ofanana nawo. Likaphwetsedwa bwino limayenda pamchenga mokwanira, ngakhale kuti silikwera chitunda chachitali mwaukali ngati la nkhafi. Pamiyala mumalibwezera mpweya kufika pakati pa 12 ndi 18 psi, chifukwa tayala lophwa likagunda mwala limapanikizika pakati pa mwalawo ndi limu n'kung'ambika m'mbali. Kuboola kwa pamano kumatsekeka ndi kachingwe ka mphira pomwepo. Kung'ambika kwa m'mbali ndiye kutha kwa tayala.

N'chifukwa chake pamafunika kuwerenga nambala ya ply yolembedwa m'mbali. Kale inkatanthauza kuchuluka kwa nsalu zoyalidwa m'kati mwa tayala. Lero ndi muyeso chabe wa kulimba. Tayala la 6 ply ndi lopepuka ndi lofewa, labwino pamchenga. La 8 ply ndilo la pakatikati, lotha kupirira miyala ndi minga ya mitengo ya samr, yofanana ndi minga ya m'tchire la ku Lengwe. La 10 ply ndi lolimba zedi koma lolemera, ndipo pagalimoto yopepuka limakana kufwamphuka ngakhale mutaliphwetsa, moti pamchenga limakhala ngati gudumu la wilibala. Pa kapangidwe, tayala la radial, luso limene kampani ya Michelin inalembetsa mu 1946, limaponda mofanana, silitentha msanga pa liwiro ndipo limakhalitsa. La bias ndi lotchipa, ndipo matayala ambiri a nkhafi ndi a mtundu umenewu chifukwa cha kupepuka.

Tayala la matope, lija la mano otalikirana ngati la thirakitala, lisiyeni m'shopu. Malo ake ndi m'minda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa kapena m'mapiri a tiyi ku Thyolo nthawi ya dzinja. Ku Qatar limakumba mchenga ndipo pamiyala mano ake amabenthuka.

Kukula kuli ndi mtengo wake

M'mbali mwa tayala la buggy mumalembedwa manambala atatu, mwachitsanzo 30x10-14. Yoyamba ndi kutalika kwa tayala, mainchesi 30. Yachiwiri ndi kufutukuka kwake, mainchesi 10. Yachitatu ndi kukula kwa limu, mainchesi 14. Nambala yoyambayo si yodalirika kwenikweni, chifukwa makampani amayeza mosiyana ndipo matayala awiri olembedwa 30 akhoza kusiyana ndi inchi yathunthu. Tengani tepi. Pagalimoto yokoka ndi magudumu onse anayi, akutsogolo ndi akumbuyo akasiyana kwambiri kutalika amalimbana, ndipo zimene zimavutika ndi magiya ndi maekiselo. Yang'ananinso mabowo a limu: mitundu yambiri ya Polaris imafuna 4x156 pomwe yambiri ya Can-Am imafuna 4x137, ndipo siilowana.

Achinyamata amakonda matayala aatali chifukwa amaoneka bwino ndipo amakweza mimba ya galimoto. Koma walira mvula walira matope. Mukachoka pa mainchesi 30 kupita pa 33, injini imakhala ngati yayamba ulendo ili m'giya yapamwamba, ndipo mphamvu yofika pansi imatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Mabuggy ambiri alibe giyabokosi ngati ya galimoto wamba. Amayendera lamba wa mphira wopanidwa pakati pa mapule awiri. Lamba ameneyu mdani wake ndi kutentha, ndipo mchenga wofewa, dzuwa la ku Qatar ndi tayala lolemera zikakumana, amapsa n'kuduka muli pakati pa zitunda. Amene wakulitsa matayala ayenera kusinthanso kilatchi kuti igwirizane nawo, ndipo asachoke pamsasa popanda lamba wapadera ndi zida zomusinthira.

Palinso china choopsa kuposa lamba. Tayala lotalika ndi mainchesi 3 limakweza galimoto yonse ndi inchi imodzi ndi theka. Pamalo osalala simungamve kusiyana. Koma zitunda za ku Qatar zinaumbidwa ndi mphepo ya shamal yochokera kumpoto chakumadzulo, ndipo chilichonse chili ndi nkhope ziwiri: mbali yoyang'ana mphepo ndi yotsetsereka pang'onopang'ono ndi yolimba, pomwe mbali inayo ndi phompho la mchenga wosagwirana, lopendekeka madigiri opitirira 30. Galimoto yaitali ikapezeka chopingasa paphompho limeneli, magudumu a kumunsi amazama, ndipo inchi ndi theka ija ndi imene imasiyanitsa kutsetsereka ndi kugubuduzika.

Tayala limakalambanso lili pashelefu. Mphira, kaya ndi wochokera ku mitengo ngati ija ya ku Vizara ku Nkhata Bay kapena wopangidwa kuchokera ku mafuta, umauma ukakhala padzuwa, monga legeni imene mwana waiiwala padenga. Ku Doha kutentha kunafika madigiri 50.4 mu Julayi 2010, ndipo chaka chilichonse kuyambira Juni mpaka Seputembala kumapitirira 40 masiku ambiri. Buggy imene imangoyenda miyezi isanu pachaka mano ake satha, choncho mwini wake amaona ngati matayala akadali atsopano. Chikomekome cha mkuyu. Pindani tayala m'mbali muone ngati muli timing'alu, ndipo funani manambala anayi osonyeza nthawi imene linapangidwa: 1823 ndiye kuti sabata ya 18 ya chaka cha 2023. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka zisanu liziyezedwa chaka chilichonse, ndipo lisapitirire zaka khumi. Kotentha chonchi n'kwanzeru kusayembekezera zaka zonsezo. Ife amene tinazolowera matayala a kaunjika tiyenera kusamala kwambiri apa, chifukwa diso lathu linaphunzira kuyang'ana mano okha.

Amene amakwera

Nyengo ya misasa ikafika, bungwe la zipatala za boma la Hamad Medical Corporation limatsegula kachipatala pa Sealine pomwepo, ndipo ma ambulansi oyenda pamchenga amakhala tcheru. Madokotala a nthambi yake yoona za ovulala pangozi amabwereza uthenga womwewo chaka ndi chaka: ana aang'ono asayendetse, aliyense avale helemeti, amange lamba wa pampando, ndipo asakwere opitirira chiwerengero cha mipando. Amabwereza chifukwa ovulala amabwerabe, ndipo ambiri ndi ana ndi achinyamata. Tayala loyenera silingachotse ngozi zonsezi, koma limachotsapo zina: kuvuka kwa mlomo pokhota, kuphulika kwa tayala lokalamba pa liwiro, kutitimira masana dzuwa lili pamutu madzi akumwa atatha. Tayala la nkhafi, pa mbali inayo, limapatsa buggy liwiro lofikira pamwamba pa chitunda msanga kuposa mmene diso la mwana wa zaka 14 lingaonere chimene chili kuseri. N'chifukwa chake odziwa amamanga mbendera pa ndodo yaitali kumbuyo kwa buggy, ndipo sapita kutali ndi galimoto imodzi yokha. Wantchito amene wauza bwana wake mwaulemu kuti buggy ya ana isavale nkhafi wagwira ntchito yoposa imene anamulembera.

Nthaka nayonso imavulala. M'chigwa cha miyala chija muli timadambo totchedwa rawda, mmene madzi a mvula amasonkhana ndipo udzu ndi maluwa zimamera kwa masabata ochepa. Ndi m'malo oterewa mmene anthu amafunafuna faga, chakudya chokhala ngati bowa chomera pansi pa nthaka, chimene chimagulitsidwa pa mtengo wokwera m'misika ya ku Doha. Lamulo la Qatar limaletsa kulowetsa galimoto mu rawda, ndipo unduna woona za chilengedwe umalanga ogwidwa. Gombe la Fuwairit kumpoto limatsekedwa kuyambira mu Epulo kuti akamba a m'nyanja aikire mazira. Pachitunda mphepo imafufuta mapazi a tayala usiku umodzi, koma mu rawda yonyowa mapazi omwewo amakhala zaka.

Dzuwa likamalowa pa Sealine, mzere umayambiranso pamalo omwe aja, koma tsopano phokoso ndi la makompuresa. Ma Land Cruiser amabwezera mpweya asanakwere phula, chifukwa tayala lophwa likathamanga pamsewu limatentha n'kuphulika. Mabuggy amakwera pangolo n'kumangidwa. Epulo ikafika misasa imapasulidwa, ndipo m'magalaja a ku Doha wantchito amachotsa matayala a nkhafi, amatsuka mchere pa malimu ndi madzi abwino, amalemba ndi choko kuti ili ndi la kumanja ili ndi la kumanzere, n'kuwagoneka pamthunzi kutali ndi zenera. Mu Juni ndi Julayi shamal imaomba masiku otsatizana, kunyamula mchenga mbali imodzi ya chitunda n'kuutsanulira mbali inayo. Pofika Novembala, pamene matayala aja akubwerera pa malimu, zitunda zimakhala zitasendera kummwera, ndipo pamene chaka chatha panali njira yosalala pakhoza kukhala phompho.